Kodi Vito Corleone ndi munthu wabwino? Yankho kwa bambo amene anamumvera chisoni

Funso: Ndinaonera filimu ya The Godfather limodzi ndi mwana wanga wamwamuna wa zaka 17. Pamene mkulu uja Vito Corleone anagwa m'dimba n'kumwalira, chisoni chinandigwira ngati amwalira ndi amalume anga. Itatha, mwanayo anati, "Ababa, ameneyu ndiye mwamuna weniweni, amasamala banja lake." Ndinasowa chomuyankha, chifukwa nanenso mumtima ndinali nditamukonda, chonsecho ndikudziwa kuti ndi mkulu wa zigawenga. Kodi munthu ameneyu ndi wabwino kapena woipa? Nanga mwanayu ndimuuze chiyani?

Yankho: Bambo, chisoni chimene munamvacho musachite nacho manyazi. Nkhalamba ikusewera ndi kamdzukulu kake pakati pa matimati, mwadzidzidzi n'kugwa, kamwanako osadziwa kuti agogo apita. Munthu wamtima sangaonere zimenezi maso ali gwa. Francis Ford Coppola, amene anatsogolera ntchito yopanga filimuyi mu 1972 kuchokera m'buku limene Mario Puzo anatulutsa mu 1969, anafuna kuti mumve chisoni chomwecho, ndipo anali ndi anthu odziwa ntchito yawo. Inenso ndaionera kambirimbiri, koma malo amenewo amandikhudzabe.

Chimene ndikupemphani kuti musiye ndi kaganizidwe kakuti zabwino za Vito ziikidwe mbale imodzi ya sikelo, zoipa zake mbale inayo, ndiye tione kolemera. Zinthu ziwirizi sizilekanitsika. Chifundo chake chimagwira ntchito chifukwa anthu amamuopa, ndipo ufumu wake wa mantha unamangidwa ndi chifundo chomwecho.

Tiyambire pamene filimuyo yayambira. Chaka ndi 1945 ku New York, tsiku la ukwati wa Connie, mwana wamkazi wa Vito. Panja kukuwala, anthu akuvina, vinyo akuyenda. M'nyumba, m'chipinda chamdima, muli Bonasera, bambo amene ntchito yake ndi yokonza mitembo ndi kuyendetsa maliro. Anyamata awiri anamenya mwana wake wamkazi mpaka kumuthyola chibwano, chifukwa anakana zofuna zawo. Bamboyu anachita zimene nzika yomvera malamulo imachita: anakanena kupolisi, mlandu n'kulowa m'khothi. Woweruza anawapeza olakwa koma chilango anachiimika, anyamatawo n'kutuluka tsiku lomwelo. Ndani angamve nkhani yotere osapsa mtima? Tisanaone n'komwe nkhope ya Vito, filimu yatiuza kale kuti boma lalephera, khothi lalephera, ndipo wosauka alibe kolowera. Ndiye akatulukira mkulu wofatsa, atanyamula mphaka, akuyankhula motsitsa mawu, n'kukana kupha anyamatawo ponena kuti mtsikanayo ali moyo choncho imfa ingapitirire muyeso, timamuona ngati woweruza wolungama kuposa wa boma uja.

Koma mvetserani bwino chimene chikumuwawa Vito m'chipindamo. Si chibwano cha mtsikana. Chikumuwawa n'chakuti Bonasera wakhala akumupewa zaka zonsezi, ndipo lero wabwera ndi ndalama ngati akugula katundu. Ndalamazo Vito akuzikana. Ambiri amaona ulemu pamenepa, ine ndimaona nzeru za munthu wotchera msampha. Ngongole ya ndalama imatha: walipira, mwasiyana, aliyense njira yake. Vito akufuna ngongole yopanda tsiku lothera. Bonasera akuwerama, akupsompsona dzanja, akumutchula kuti bambo wa ubatizo (m'Chingerezi Godfather, dzina la filimuyi), ndipo akuuzidwa kuti tsiku lina mwina adzaitanidwa kuti abweze. Akuluakulu anati kupatsa n'kuika, ndipo pakati pa anansi mwambiwu ndi wokoma, chifukwa wolandira amakhalabe ndi ufulu wake. Amene walandira kwa Vito ufulu wokana wamuthera pomwepo.

Tsiku lobweza litafika, filimu inamusankhira Bonasera ntchito yomvetsa chisoni koma yopanda tchimo: kukonza mtembo wa Sonny, mwana woyamba wa Vito, umene unabooledwabooledwa ndi zipolopolo, kuti amayi ake asauone uli choncho. Pamenepo Vito akulira ngati bambo wina aliyense. Kumbukirani kuti wolemba ndiye anasankha kuti ngongole ibwezedwe mwa njira imeneyi. Akanatha kulemba kuti Bonasera wauzidwa kubisa mtembo wa munthu wophedwa, kapena kukanama m'khothi, ndipo sakanakana. Tikanamuona Vito ndi maso ena.

Mu gawo lachiwiri la filimuyi, limene linatuluka mu 1974, muli kankhani kakang'ono kamene ndimakakonda pofotokoza zimenezi. Vito ali mnyamata, akuseweredwa ndi Robert De Niro. Mayi wina wamasiye akuthamangitsidwa m'nyumba ya lendi chifukwa chosunga galu. Vito akupita kwa mwini nyumba, akumupempha mwaulemu, mpaka kudzipereka kulipira ndalama zoonjezera. Mwini nyumbayo akumunyoza. Kenako atafunsafunsa m'deralo kuti Vito Corleone ndi ndani, akubwera yekha akunjenjemera, akubweza ndalama zija, akutsitsa lendi, galu naye akhale. Timaseka, timasangalala kuti wamasiye wapulumuka. Nanga mwini nyumbayo anamva chiyani chimene chinamufooketsa mawondo? Anamva mbiri ya munthu amene anachotsa Fanucci, chigawenga chimene chinkadyera anthu a m'deralo masuku pamutu, pomuwombera pakhomo pa nyumba yake anthu ali pachikondwerero cha tchalitchi mumsewu. Popanda mtembo wa Fanucci, mawu ofatsa a Vito sakanaphula kanthu. Mayi uja anathandizidwa ndithu, sindikutsutsa. Koma chimene chinamuthandiza ndi mfuti, ngakhale kuti tsikulo sinatuluke m'thumba.

Anthu ambiri akafuna kuikira kumbuyo Vito amati anakana malonda a mankhwala ozunguza bongo. N'zoona kuti anakana pamene Sollozzo, wogulitsa mankhwalawo, anabwera kudzapempha ndalama ndi chitetezo, ndipo kukanako n'kumene kunachititsa kuti awomberedwe akugula zipatso mumsewu. Chifukwa chimene anapereka ndicho muyenera kuchigwira. Anati andale amene amadya naye sangapitirize ubwenzi akamva kuti wasiya juga n'kulowa m'mankhwala. Ndi chifukwa cha bizinesi. Ndipo Sonny ataphedwa, pamsonkhano wa akuluakulu a mabanja a zigawenga, Vito akuvomera kuti malondawo achitike ndi chitetezo cha oweruza ndi andale ake, malinga mwana wake Michael abwerere osavulazidwa kuchokera ku Sicily, chilumba cha ku Italy kumene anathawira. Mmodzi mwa akuluakuluwo akunena poyera kuti mankhwalawo azigulitsidwa kwa anthu akuda, ndipo akuwanena ngati nyama. Vito sakutsutsa. Kuti mwana wake mmodzi apulumuke, ana a anthu ena osawerengeka aperekedwa nsembe, ndipo filimu sikutionetsa nkhope ya ngakhale mmodzi mwa iwo.

Apa ndiye pagona luso lonse. Filimu imatilowetsa m'nyumba ya a Corleone n'kutseka chitseko. Timadya nawo, timakhala nawo pa ukwati, pa maliro, pa ubatizo. Gordon Willis, amene ankajambula, anaika nyali pamwamba kotero kuti maso a Marlon Brando, amene anasewera Vito, nthawi zambiri amabisika mumthunzi, ife n'kumadzaza tokha zimene tikufuna kuonamo. Nyimbo za Nino Rota zimalira ngati munthu wokumbuka kwawo. Nanga chuma cha banjali chimachokera kuti? Timamva za kampani ya mafuta a olivi, za juga, za mabungwe a anthu apantchito amene ali m'manja mwawo. Sitiona bambo amene malipiro ake onse athera ku juga ana n'kugona ndi njala. Sitiona wantchito amene mtsogoleri wa bungwe lake anagulidwa. Amene timawaona akuvutitsidwa ndi a Corleone, pafupifupi onse ndi anthu oti sitingawamvere chisoni: mkulu wa mafilimu wodzikuza ndi wamwano uja amene anadzuka n'kupeza mutu wa hatchi yake pabedi, wapolisi waziphuphu McCluskey, Carlo womenya mkazi wake Connie ali ndi pakati. Mukaika munthu woipa pakati pa oipitsitsa, amaoneka ngati mngelo.

Ngakhale liwu lakuti mafia, dzina la magulu a zigawenga ngati amenewa, silimveka mu filimu yoyambayo. Bungwe lina loti limateteza ufulu wa anthu ochokera ku Italy okhala ku America, limene ankalitsogolera Joe Colombo, yemwenso anali mkulu wa limodzi la mabanja a zigawenga ku New York, linakakamiza opanga filimuyi, ndipo Albert Ruddy amene ankayendetsa ntchitoyo anavomera kulichotsa. Chimene timamva m'malo mwake ndi banja, abwenzi, ulemu. Puzo mwiniwake anavomereza kuti polemba bukulo anali asanakumanepo ndi chigawenga chenicheni, ndipo ananenanso kuti akamalemba mawu a Vito ankamva liwu la amayi ake. Choncho nzeru ndi kufatsa zimene mwana wanu wakopeka nazo zinabwerekedwa kwa mayi wosauka amene analera ana ake movutika ku New York, n'kuvekedwa munthu wakupha.

Filimu yotere sikanatheka zaka za m'mbuyomo. Kuyambira 1934 makampani a mafilimu ku Hollywood ankatsata mwamphamvu malamulo oletsa kuonetsa upandu mwa njira yoti woonera aumvere chisoni, ndipo chigawenga chinkayenera kulangidwa nkhani isanathe. Malamulowo anathetsedwa mu 1968. Patangopita zaka zinayi, mkulu wa zigawenga anafa imfa ya nkhalamba yodalitsika, m'dimba mwake, padzuwa.

Tsopano tituluke m'nyumbamo. Corleone ndi tauni yeniyeni ku Sicily, kum'mwera kwa mzinda wa Palermo, ndipo inatulutsa mkulu weniweni wa mafia, Salvatore Riina. Pa 23 May 1992 anthu ake anaphulitsa msewu waukulu pafupi ndi Capaci n'kupha woweruza Giovanni Falcone, mkazi wake Francesca Morvillo, ndi apolisi atatu omuteteza. Pa 19 July chaka chomwecho anaphanso ndi bomba woweruza mnzake wa Falcone, Paolo Borsellino, pamene ankapita kukaona amayi ake, pamodzi ndi apolisi asanu. Awiriwa ndi amene anakonza mlandu waukulu umene unayamba ku Palermo mu 1986, wa anthu 475 oganiziridwa kuti ndi a mafia. Riina anagwidwa mu January 1993 atabisala zaka zoposa 20, ndipo anafera m'manja mwa boma mu 2017. Naye anali ndi mkazi mmodzi ndi ana amene ankawakonda.

Nkhani imene imandikhudza kwambiri ndi ya Libero Grassi, mwini fakitale yosoka zovala ku Palermo. Kumeneko amalonda amakakamizidwa kupereka ndalama kwa mafia kuti asaotcheredwe malo awo, ndipo msonkho umenewu amautcha pizzo. Mu January 1991 Grassi analemba kalata m'nyuzipepala kuuza omuopsezawo kuti salipira. Amalonda anzake ambiri anamusiya yekha. Pa 29 August chaka chomwecho anawomberedwa m'mawa akupita kuntchito. Ameneyu ndiye munthu amene filimu ija ilibe: munthu wabwinobwino amene wakana ubwenzi wa bambo wa ubatizo. Pali wansembe Pino Puglisi, amene ankachotsa ana mumsewu m'dera la Brancaccio kuti asalembedwe ntchito ndi zigawenga, ndipo anaphedwa pa 15 September 1993, tsiku lokumbukira kubadwa kwake. Palinso mnyamata wa zaka 12 amene anabedwa mu 1993 chifukwa bambo ake anayamba kuulula zinsinsi kwa oweruza. Anamusunga zaka ziwiri ndi miyezi, kenako n'kumupha. Nkhani yoti mafia sakhudza akazi ndi ana, yoti ali ndi malamulo a ulemu, ndi chikomekome cha mkuyu.

Mwina mukuganiza kuti ndikunena kuti filimuyi ndi yabodza, yokometsera zigawenga. Ayi. Ndimaiona kuti ndi imodzi mwa mafilimu oona mtima kwambiri pa nkhani ya choipa, kungoti chiweruzo chake sichigwera pa Vito mwachindunji. Chimagwera pa Michael.

Michael, amene Al Pacino anasewera, akuyamba ali mwana woyera wa m'banjamo. Anapita kukoleji, anamenya nkhondo yachiwiri ya dziko lonse n'kubwerako ndi ulemu. Pa ukwati uja akuuza chibwenzi chake Kay momwe bambo ake anakakamizira munthu wina kusaina pangano, mfuti ya Luca Brasi, wakupha wa Vito, ili pamutu pa munthuyo, n'kumutsimikizira kuti iye sali ngati abale akewo. Chimene chikumukokera m'dzenje si dyera, ndi chikondi. Akupeza bambo ake ali okha m'chipatala usiku, alonda atachotsedwa, adani ali m'njira. Akuwasuntha bedi, akuwagwira dzanja, Vito n'kugwetsa misozi. Mwana aliyense wabwino akanachita chomwecho. Kuchokera pamenepo njira ndi imodzi: akupha Sollozzo ndi McCluskey m'lesitilanti, akuthawira ku Sicily, mkazi amene wamukwatira kumeneko Apollonia akufa ndi bomba limene anatchera iye. Vito atakalamba akumuuza m'dimba muja kuti sanafune kuti moyo umenewu umugwere, ankalakalaka atakhala seneta kapena bwanamkubwa. Ndimakhulupirira kuti akunena zoona. Koma nyumba imene anamanga inalibe khomo lotulukira, ngakhale la mwana amene ankamukonda koposa.

Ndiye pakubwera ubatizo. Michael waima m'tchalitchi ngati bambo wa ubatizo wa mwana wa Connie, wansembe akumufunsa ngati akukana Satana ndi ntchito zake zonse, iye akuvomera, ndipo nthawi yomweyo anthu ake akupha adani ake mmodzimmodzi. Mmodzi mwa ophedwawo ali pabedi ndi mkazi wina amene dzina lake sitiuzidwa, naye akufera pomwepo. Atatuluka m'tchalitchi akulamula kuti Carlo, bambo wa khanda lomwe wangoliimira, apotoledwe khosi. Anthu amakonda kunena kuti Vito anali wabwino, Michael ndiye anaipa. Sindivomereza. Mapulani amenewa anakonzedwa Vito ali moyo, akumulangiza mwana wakeyo. Michael ndi Vito yemweyo atachotsedwa kumwetulira ndi mphaka. Ife timati choipa chitsata mwini, koma apa chinadumpha mwini n'kugwera ana.

Mawu a mwana wanu akuti amasamala banja lake ayesedwe ndi filimu yomweyo. Sonny anafera pamsewu. Connie anasanduka wamasiye ndi dzanja la mlongo wake. Fredo, mwana wachiwiri wa Vito, wofooka uja, anaphedwa m'bwato pa nyanja ya Tahoe molamulidwa ndi mng'ono wake Michael, amene anangodikira kuti amayi awo amwalire kaye. Kay, amene anadzakhala mkazi wa Michael, ananamizidwa m'maso muli gwa, chitseko n'kutsekedwa iye ali kunja, ndipo pambuyo pake banjalo linatha. Akazi a m'nyumba imeneyi amaphika, amabereka, amalira, koma safunsa kanthu.

Komabe ndikanama ndikanena kuti mwa Vito mulibe chabwino. Analandira m'nyumba mwake Tom Hagen, mwana wamasiye wa mumsewu, n'kumulera ngati wake mpaka kukhala loya. Amamvetsera munthu mpaka amalize. Sapupuluma, sadzitama, sanyoza wosauka, ndi wokhulupirika kwa mkazi wake. Ubwana wake ndi womvetsa chisoni: mu 1901, ali ndi zaka 9, bambo ake, mkulu wake ndi amayi ake anaphedwa ndi mkulu wa mafia wa kwawo, iye n'kuthawira ku America yekhayekha. Anaphunzira ali mwana kuti wopanda mphamvu amapondedwa, ndipo analumbira mumtima kuti sadzavinitsidwa ndi munthu. Zonsezi zimatithandiza kumumvetsa. Sizimuchotsera mlandu, chifukwa m'sitima zomwezo munafika anthu miyandamiyanda ochokera ku Italy, osauka ndi osalidwa ngati iye, amene anakumba misewu, anasoka zovala, anaphika buledi, osapha munthu. Kwa ine Vito ndi munthu woipa amene ali ndi makhalidwe ena abwino enieni, ndipo makhalidwe abwinowo ndi amene anachititsa kuti kuipa kwake kukhalitse. Chigawenga chaukali ngati Sonny sichikalamba. Chofatsa ndi chopatsa chimamanga ufumu, anthu n'kumachithokoza.

Mwana wanu musamukalipire, ndipo musamuletse kuionera. Waona chinthu chenicheni: akufuna kukhala mwamuna amene abale ake angamudalire, ndipo chilakolako chimenecho n'chabwino. Muuzeni moona kuti nanunso munamukonda mkuluyo. Kenako muionerenso limodzi, koma ulendo uno muziimitsa. Bonasera akapsompsona dzanja, mufunseni kuti, kodi bambo ameneyu mawa angakane chilichonse chimene auzidwe? Pamsonkhano wa akuluakulu uja mufunseni kuti, mankhwalawa akukagulitsidwa kwa ana a yani? Mufotokozereni za Libero Grassi, ndipo mumufunse kuti pakati pa Grassi ndi Vito anafunika mtima wolimba kwambiri ndani. Musamuyankhire, msiyeni alimbane nazo.

Mukatero muonere gawo lachiwiri mpaka kumapeto. Kumeneko nkhani imabwerera ku December 1941, tsiku lokumbukira kubadwa kwa Vito. Ana asonkhana patebulo kudikira bambo awo. Sonny wabwera ndi mnzake Carlo kuti amuonetse Connie, Tessio, mmodzi mwa akuluakulu a gulu la Vito, walowa ndi keke, ndipo Michael akuulula kuti wasiya koleji n'kulembetsa usilikali. Sonny akupsa mtima, Tom akudabwa, Fredo yekha ndi amene akumugwira chanza. Mumuuze mwana wanu awerenge anthu a m'chipindamo. Sonny adzaphedwa pa nkhondo ya banjalo. Carlo, Tessio ndi Fredo adzaphedwa molamulidwa ndi Michael. Kukumveka kuti bambo afika, onse akuthamangira kukhomo kukawaimbira, nkhope ya Vito sitiiona, ndipo Michael watsala yekha patebulo.